Mbatata ya Sitiraka

Uphunzitsi ndidaugwira zaka zambiri pasukulu ina ya pulayimale kumtunda kwa Nzama, ndipo masitiraka ndidawaona angapo. Ambiri adangobwera n'kupita ngati chimfine. Koma ilipo imodzi imene sindikonda kuisimba pagulu, chifukwa ndikayamba kunyoza amene adaiyendetsa, sipatenga nthawi chala chimatembenukira kwa ine ndemwe. Lero ndiisimba, ndipo sindisiya munthu.

Sukulu yathu idali ndi zipinda zisanu pomwe makalasi adali asanu ndi atatu. Ana a Sitandade 1 ankaphunzirira pansi pa mkuyu umene udali pakati pa bwalo. Amene ankawaphunzitsa adali mayi ena achikulire, aafupi, osalankhulalankhula, ndipo tonse tinkangowatchula kuti madamu a pamkuyu. M'mawa uliwonse ankasenza bolodi kuchoka nalo ku ofesi n'kukalitsamiritsa pamtengopo. Mvula ikagwa ankathawira ndi ana pakhonde. Mphepo ya mu Juni ikawomba ankawaimbitsa nyimbo zodumphadumpha kuti atenthedwe.

Amuna awo, amene kale adali kalipentala, adafa mbali imodzi ndi matenda a sitiroko. Madamuwo ankawasambitsa ndi kuwadyetsa asanabwere kuntchito, ndipo mwezi uliwonse ankawakweza pa kabaza kupita nawo kuchipatala cha mishoni kukatenga mankhwala. Banja limenelo linkatheka chifukwa nyumba, sukulu ndi chipatala zidali moyandikana. Kudangotsala zaka zochepa kuti madamuwo apume pantchito.

Sitiraka adabwera nayo ndi mkulu wa bungwe lathu la aphunzitsi m'dera lathu. Munthuyu ndidaphunzira naye kukoleji, ndimamudziwa kuyambira ali ndi buluku limodzi. Atangomusankha adaiwala kagwiridwe ka choko. Ankayenda pa njinga yamoto, atavala malaya a bungwe, chikwama chili paphewa, ndipo aliyense, ngakhale wa msinkhu wa amayi ake, ankamutchula kuti komuredi. Mimba nayo idali itayamba kutsogola chifukwa cha misonkhano ya m'mahotela.

Adatisonkhanitsa mu ofesi Lachisanu masana n'kuwerenga zodandaula zathu: malipiro otha mwezi usanafike pakati, zaka zambirimbiri osakwezedwa pantchito, nyumba za aphunzitsi zodontha. Zonsezo zidali zoona, ndipo mpaka lero ndi zoona.

"Makomuredi, nthawi yogwada yatha!" adatero akumenya tebulo. "Kuyambira Lolemba fikani pantchito nthawi yake, sainani m'buku, koma choko musachigwire. Khalani panja poonekera, aliyense wodutsa aone kuti aphunzitsi akwiya. Mutu umodzi susenza denga. Musaope kanthu, akagwira mmodzi agwira tonse."

Tidawomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa. Kenaka madamu a pamkuyu adakweza dzanja mwaulemu.

"Pepani bambo, nanga za zipinda zophunziriramo zilimo m'pepalamo?"

"Zilimo komuredi, zilimo. Palibe chimene tasiya."

Sadayang'ane n'komwe papepalapo poyankha.

Lolemba tidabweza ana onse kunyumba, n'kunyamula mabenchi kukakhala pansi pa mkuyu, poti mthunzi wabwino udali pomwepo. Wina adabwera ndi bawo, wina ndi wailesi. Tidalitukwana boma mpaka kukhosi kuuma. Madamu adabwera ndi katoni ya sopo imene adaitambasula n'kulembapo ndi makala zilembo zikuluzikulu zowongoka, zonga zimene ankaphunzitsa ana: ANA ANGA AKUFUNA DENGA. Tidawaseka kuti anzawo akulembera boma za ndalama, iwo akulemba za malata. Iwo adangoitsamiritsa katoniyo pamaondo awo. Lachiwiri lidadutsa chimodzimodzi.

Lachitatu malole adafika.

Kwathu kuno mphunzitsi wopanda munda wa mbatata ya kachewere amagona ndi njala, ndiye tonse tidali nayo minda. Mvula idali ikutha, mbatata itakhwima, ndipo malole a mavenda a m'tauni adaima pamsewu kudikira matumba. Aliyense amadziwa kuti woyamba kukumba ndiye amagulitsa bwino. Zaka zonse tinkakumba Loweruka lokha, mitima ikutipweteka kuona alimi anzathu akutitsogolera. Tsopano apa tidali titakhala pabenchi, manja ali lende, malole akulira kumsewu.

Adayamba ndi mphunzitsi wa Sitandade 8. Adati akukaona mwana wodwala, n'kubwera madzulo dothi lili m'zikhadabo. Lachinayi adachoka atatu. Pofika Lolemba linalo, dongosolo lidali litakhazikika: kufika m'mamawa, kusaina m'buku, kuzungulira kuseri kwa zimbudzi, n'kulunjika kumunda. Ahedi, amene munda wawo udali waukulu kuposa wa tonsefe, ankasaina oyamba. Buku lija silidadzazepo bwino chotero chiyambire, ndipo panalibe wochedwa ngakhale mmodzi. Tinkati tikulimbana ndi boma, chonsecho tidangotola tchuthi chokumbira mbatata.

Amene adatsala pamkuyu adali madamu okha. Tsiku lina ndikudutsa ndi matumba m'khwapa ndidawafunsa.

"Madamu, inu simukakumba yanu?"

"Anati tikhale poonekera. Nanenso ndikachoka, odutsa aona ndani?"

Ndidaseka n'kupitirira. Mumtima ndinkati mayi awa ndi ogona.

Panali vuto limodzi limene palibe adaliganizira. Ana akuluakulu adamva za sitiraka n'kukondwera nayo, koma tiana ta Sitandade 1 sitinkadziwa kuti sitiraka n'chiyani. Tianato tinkangoona madamu awo ali pamtengo pawo monga mwa masiku onse, ndiye tinkabwera n'kukhala pamiyala imene tinkakhalira pophunzira. Madamu ankatiuza tianato kuti tizipita kwawo, koma tinkangosuntha pang'ono n'kubwereranso. Sadatiphunzitse kanthu. Bolodi adalitembenuza kuti liyang'ane kumtengo, choko adachisiya mu ofesi. Tiana tinkasewera tokha m'fumbi, ndipo madamu ankangopukuta mamina ndi kuleretsa ndewu. Munthu woona ali kumsewu akadati kalasi ili mkati.

Sabata yachiwiri, tsiku lina m'mawa, ine ndi ahedi tili m'minda yathu yoyandikana kuseri kwa sukulu, tidamva njinga yamoto ikukwera chitunda. Ahedi adaizindikira ndi kulira kokha kuti ndi ya mlangizi wa maphunziro wa dera lathu, amene boma lidamutuma kuyendera masukulu. Adaponya khasu uko.

"Aphunzitsi, tiyeni! Tiyeni msanga!"

Sindidadziwe kuti munthu wamimba ngati ameneyo angathamange chotero. Tidasamba m'manja pamjigo, koma nthawi yotsuka mapazi panalibe. Tidapeza mlangizi ali mu ofesi akuvundukula buku losaina.

"Onse asaina," adatero. "Ali kuti?"

Ahedi sadaphethire. "Bwana, poti ana sakubwera, ndawatuma m'midzi kukalondola ojomba ndi kulankhula ndi makolo. Awa angofika kumene kuchokera komweko. Taonani matopewo."

Kulondola ana ojomba ndi ntchito yathu ndithu, ndipo boma limaikonda. Mlangizi adayang'ana mapazi anga, amene adali ndi dothi la m'munda mwanga mpaka mu akakolo, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Aphunzitsi otere ndi amene tikuwafuna."

"Zikomo bwana," ndidayankha. Mpaka ndidawomba m'manja mwaulemu.

Kenaka tidapita kumkuyu. Madamu adaimirira, katoni yawo ili m'manja, tiana titawazungulira.

"Nanga inu mayi, mukuphunzitsa?" mlangizi adafunsa.

Ahedi adatsokomola mwadala, n'kuwatsinzinira diso kuti angovomera. Bodza lidali lokonzeka kale, tiana tidalipo, bolodi lidalipo, kudangotsala kunena kuti inde.

"Ayi bwana, ndili pa sitiraka."

"Nokha?"

Madamu adayang'ana ahedi, kenaka ine, kenaka mapazi anga.

"Amene mwamupeza ndi ine," adatero.

Mlangizi adatenga katoni ija, kuiwerenga, kuibweza, n'kulemba zinazake m'kabuku kake. Njinga itangotsika chitunda, ahedi adati mayi awa afuna kutiphetsa tonse, ndipo tidabwerera kumunda.

M'mawa mwake adadutsa mkulu wa bungwe uja, naye akuyendera masukulu. Sadatsike panjinga. Adaima pamsewu, injini ikulira, adaona mayi ali pakati pa ana pansi pa mtengo, n'kujambula ndi foni. Masana chithunzicho chidali chili pagulu lathu la pa Watsapu la aphunzitsi a dera lonse, pansi pake atalemba kuti: "Taonani a Yudasi. Ife tikuvutikira onse, ena akuphunzitsa." Katoni sinkaoneka, idabisika kuseri kwa mitu ya ana.

Aphunzitsi a masukulu ena adawatukwana madamuwo tsiku lonse, ambiri a iwo, ndikhulupirira, ali m'minda mwawo ngati ife. A pasukulu pathu tonse tidalimo m'gululo, ndipo tonse tinkadziwa zoona zake. Ine ndidawerenga ndili pamzere wa mbatata, ndidapukuta chala pabuluku kuti ndilembe, kenaka ndidaganiza kuti alembe ahedi, ndi udindo wawo. Ena aja nawonso ayenera kuti adaganiza chomwecho. Mbewa zikachuluka siziika masa. Ndidabweza foni m'thumba n'kutola khasu. Madamu foni yawo idali yamabatani, sadaone chilichonse.

Sitiraka idathera pa wailesi. Atsogoleri athu adakumana ndi akuluakulu a boma kulikulu, n'kulengeza kuti boma lamva kulira kwathu. Kamalipiro adatiwonjezera pang'ono, kamene kadamezedwa ndi mitengo ya sopo ndi mchere tisanakalandire n'komwe. Za zipinda zophunziriramo adati aziunikabe. Mkulu wa bungwe adalemba pagulu lija kuti tapambana, ife n'kuyankha ndi tizithunzi ta zibakera. Mbatata chaka chimenecho tidagulitsa bwino kwambiri.

Patatha milungu ingapo kudabwera kalata imodzi yokha. Madamu a pamkuyu adawasamutsira kusukulu ina ya kuchigwa cha Bwanje. Kalatayo inkati kumeneko kukusowa aphunzitsi, koma panalibe amene sadadziwe chifukwa chenicheni. M'kabuku ka mlangizi, sukulu yathu yonse idali ndi wonyanyala ntchito mmodzi. Kukana kukadatanthauza kutaya ntchito, pamodzi ndi penshoni imene adaidikira moyo wawo wonse. Kuvomera kudatanthauza kutengera munthu wodwala kuthamanga kwa magazi kumalo otentha ngati m'ng'anjo, kutali ndi chipatala chimene chinkamudziwa.

Madamu adabwera kwa ine pa nthawi yopuma.

"Aphunzitsi, paja mkulu wa bungwe uja ndi mnzanu. Mundiperekeze ndikamuone. Anati akagwira mmodzi agwira tonse."

Ndidavomera. Ahedi atamva adandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Mukakambe mosamala kumeneko," adatero. "Mukakanena kuti mayiwa adali okha pa sitiraka, akafunsa kuti enanu mudali kuti. Masaini athu ali m'bukumu. Mlangizi tidamunamiza awiri, ine ndi inu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, aphunzitsi. Inu muli ndi ana."

Loweruka tidampeza mkulu wa bungwe pamsika, pakhonde la lesitilanti, akudya tchipisi ndi nkhuku. Madamu adakhala pansi pasimenti monga amachitira amayi a kwathu, ngakhale mipando idalipo, n'kufotokoza zonse mwadongosolo. Iye adamvetsera akutafuna. Atamaliza adapukuta zala, n'kutulutsa foni.

"Komuredi, bungwe limateteza amene adanyanyala ntchito. Uyu ndi ndani apa?"

Madamu adaiyang'anitsitsa foniyo. Aka kadali koyamba kuchiona chithunzicho, ndipo adawerenganso mawu a pansi pake.

"Ndine ndemwe. Koma sindinkaphunzitsa. Anawo ankabwera okha. Taonani bolodi, layang'ana kumtengo."

"Aliyense atha kunena zimenezo."

"Afunseni awa. Aphunzitsi, auzeni."

Onse awiri adandiyang'ana. Ndikukumbuka kuti ntchentche idatera pambale ya tchipisi ija, ndipo ndidaiyang'ana ntchentcheyo nthawi yaitali. Zonse ndinkazidziwa. Ndinkadziwa kuti mayi amenewa ndi okhawo, pasukulu yathu, mwina m'dera lonse, amene adachita ndendende zimene munthu wodya nkhukuyu adalamula.

"Ine sindinkakhalapo nthawi zonse," ndidatero. "Ndiye sindingadziwe bwinobwino."

Mabodza ndanenapo ambiri pa moyo wanga, koma palibe limene limandinyansa ngati mawu amenewo, chifukwa adali oona. Mkulu wa bungwe adatambasula manja ngati wansembe, n'kunena kuti zikadakhala kuti pali mboni akadayesetsa. Madamu adadzuka, kukutumula chitenje, kuthokoza, n'kuyamba ulendo. Ndidawatsatira m'mbuyo njira yonse.

Pasukulu pathu munthu akamachoka timamutsanzika ndi mphatso. Tidakhala pansi kukambirana, ndipo poti kudali pakati pa mwezi, aliyense ankayang'ana kudenga. Kenaka wa Sitandade 8 uja adati bwanji tisonkhe mbatata, poti aliyense ali nayo. Tidagwirizana msangamsanga, ndowa imodzi munthu aliyense. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene adaona cholakwika, ndipo ine ndemwe ndidapereka thumba lothiramo. Yabwino tidali titagulitsa kalekale. Imene idatsala m'nyumba zathu idali ing'onoing'ono ija mavenda adaikana, ina itayamba kale kumera.

Tsiku losamuka lole idaima pafupi ndi mkuyu, imodzi mwa zomwe zija zinkanyamula mbatata. Katundu adali wochepa: bedi, mipando iwiri yopala amuna awo akali bwino, ziwiya, ndi bokosi la zipangizo zaukalipentala. Abambowo tidawanyamula anthu anayi n'kuwagoneka pa matiresi kumbuyo. Ahedi adalankhula mawu otsanzika, kuti madamu adali mayi wa tonsefe, chitsanzo cha kudzipereka, ndi kuti sukulu yataya mzati. Adafika mpaka pochita kunjenjemeretsa mawu. Kenaka awiri adakweza thumba lija m'lole, ife tikuwomba m'manja.

Madamu adamasula kukamwa kwa thumbalo, kutengamo imodzi, n'kuitembenuza m'dzanja.

"Ndi ya sitiraka ijayi?" adafunsa.

Adaibwezera m'thumbamo.

"Tsitsani. Ku Bwanje kumatentha, ikaola msanga. Idyani nokha, munaivutikira."

Adalitsitsa thumbalo n'kulitsamiritsa pamkuyu. Lole idanyamuka, tiana ta Sitandade 1 tikuithamangira mpaka pamsewu. Tidaima pamenepo kanthawi osayang'anana. Ndiye ahedi adati chakudya sichitayidwa. Aliyense adakatenga ndowa yake, tidagawana mwachilungamo, ndipo yanga ndidapita nayo kunyumba. Tidadya masiku atatu.

Amuna a madamu aja sadaione mvula ya chaka chimenecho. Adamwalira mu Okutobala, kutentha kuli pachimake, ndipo maliro adabwera nawo kumtunda kuno kwawo. Sindine dokotala, sindinganene kuti chidawapha ndi Bwanje. Ahedi adanena zimenezi kangapo tili panjira yopita kumaliroko, kuti munthuyo adali wodwala kale, ndipo tonse tidavomereza ndi mtima wonse. Mkulu wa bungwe naye adabwera, atavala malaya ake aja, atanyamula nkhata ya maluwa. Adapempha mpata wolankhula m'malo mwa aphunzitsi onse, ndipo adampatsa.

Ine ndidalowa m'nyumba ya siwa kukapepesa. Madamu adali atakhala pamphasa pakati pa amayi anzawo, atawonda, nkhope itada ndi dzuwa la kuchigwa. Ndidagwada patsogolo pawo. Mawu ndidali nditawakonza kuyambira kunyumba, ndipo ndinkafuna kunena zambiri kuposa pepani wa pamaliro. Adandigwira dzanja ndisanayambe.

"Zikomo aphunzitsi, mwabwera," adatero motsitsa mawu. "Ndakuonani. Ngati kuli ntchito kumunda, mutha kumapita."

Ndidakhalabe mpaka kumanda, ndidathira nawo dothi, koma sadandiyang'anenso.